Dona wa a Sajeni

Mwamuna akayamba kusita yekha malaya pakati pa sabata, dziwani kuti pali nkhani. Mayi Singano sanafunikire wina woti amuuze zimenezo. Anali atakhala ndi a Sajeni zaka makumi atatu, ndipo zaka zonsezo simbi ankagwira ndi iye. Bambowo yawo inali kupolisha nsapato basi. Ndiye Lachitatu lina m'mawa, tsiku lawo lopuma, akuchokera kotsuka makapu kuseri, anangowapeza awerama patebulo, lilime lili panja ngati mwana wa sukulu, akulimbana ndi kolala ya malaya oyera. Anawafunsa ngati kwagwa maliro kwinakwake. Iwo anati ayi, pali pamene akufuna angofika pang'ono. Pang'ono pakepo anabwerako dzuwa litapendeka, akuimba kamluzu.

Sabata yotsatira chimodzimodzi. Inayo chimodzimodzinso, ndipo ulendo umenewu anadzola ndi mafuta omwe kumutu, mutu woti tsitsi linasamukapo kalekale.

Dzina loti Singano anamupatsa ndi anthu a mumsewu wawo. Ena ankati ndi chifukwa cha makina osokera amene ankakhala nawo pakhonde tsiku lonse, ena ankati ndi chifukwa cha kuonda, koma amene analawako lilime lake ankadziwa chifukwa chenicheni. Nyumba yawo inali yomalizira mumsewumo, ya zipinda zitatu, yoyang'anana ndi mpope wa madzi. Ali pakhondepo ankaona aliyense wolowa ndi wotuluka, ndipo maso oti amalowetsa ulusi pasingano popanda magalasi sakanalephera kuona kuti nkhalamba yake yayamba kuyenda mwachinyamata.

Za moyo wa a Sajeni msewu wonse unkazidziwa, poti eni ake sankazibisa akangopeza womvetsera ndi kapu ya tiyi. Anabadwira m'nyumba za antchito a njanji, mwana wachisanu ndi chimodzi, ndipo bambo awo ankafuna kuti nawonso adzakalambire panjanji pomwepo. Iwo zimenezo sanazimve. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anakwera lole ya simenti masanasana, osatsanzika munthu, ulendo wa kumene ankalemba asilikali. Poti anali kamnyamata koonda ngati bango, anaika mabawuti a njanji m'masokosi kuti sikelo iwakomere mtima. Dokotala anangomva ngwengwengwe akukwera pasikelopo, anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti munthu wanzeru zotere tisamutaye. Akuluakulu ataona kalembedwe kawo, zilembo zoima njo ngati zili pa perete, anawaika ku mauthenga. Mayi Singano ankangoti imeneyo ndi ntchito ya mlembi, ya cholembera ndi pepala, ndipo ankathokoza Mulungu kuti mwamuna wake sali kukamwa kwa mfuti.

Koma nkhani zimene ankabwera nazo sizinali za mlembi ayi. Mtsinje wina wosefukira anawoloka atagwira mchira wa ng'ombe. Kwina anagwidwa ndi adani, anakhala masiku awiri atamangiriridwa kumtengo, n'kuthawa atabisala mu lole ya mbuzi, ndipo fungo lake linawatsatira mwezi wathunthu. Mbuzizo poyamba zinali khumi ndi ziwiri. Pofika chaka chathachi zinali zitakwana makumi asanu. Khutu lakumanzere linagontha ndi bomba, zala ziwiri zakuphazi zinatsala kudziko la eni. Zonsezi ankazifotokoza akuseka, akudzimenya pantchafu, mkazi wawo akungopalasa makina ake, poti anali atazimva mpaka kuziloweza.

Panali chaka chimodzi chokha chimene sankachikhudza. Anawatumiza kutali, kokwera ndege, miyezi khumi ndi inayi, n'kusiya mkazi m'nyumba za asilikali ndi mwana wawo woyamba, wamwamuna, wa miyezi isanu ndi itatu. Mwanayo anadwala bambo ake ali komweko. Mayi Singano anathamangira ku ofesi, kumene anamulonjeza kuti uthenga upita tsiku lomwelo. Patatha masiku anayi anapitakonso, ndi uthenga wina, woti mwana wamwalira. Yankho silinabwere, ndipo mwana anamuika yekha, atamugwira mikono akazi a anthu ena. A Sajeni atabwera, patatha miyezi isanu, anagwada pakhomo n'kulumbira kuti kuthengo kumene anali sikunafike uthenga uliwonse, iwo anazimvera pabwalo la ndege. Iye anawakhulupirira. Kunena zoona, banja lonselo linaima pamawu amenewo. Ana aakazi awiri amene anabwera pambuyo, kusamukasamuka, matenda, mikangano ya m'nyumba, zonsezo anazisenza podziwa kuti mwamuna wake akanamva akanabwera ngakhale wapansi.

Zolembalembazi zinayamba atapuma usilikali. Anapeza ntchito ya ulonda wa masana pageti la nyumba yosungiramo malata, ndipo kumeneko anawapatsa buku loti azilembamo kuti galimoto yalowa, galimoto yatuluka. Haa, kupatsa a Sajeni buku! Pofika Lachisanu linali litadzaza: dalaivala uyu ali ndi maso a munthu wosagona kwawo, uyu akamanama amakanda khosi, mphaka wa pageti waswa ana anayi koma mmodzi sakufanana ndi anzake. Bwana wawo anawaitana kuti awakalipire, koma analakwitsa poyamba wawerenga kaye, ndipo mapeto ake anawapezera makope awoawo kuti buku la kampani lipumeko. Nkhani ya mbuzi ija inakatuluka mpaka m'nyuzipepala. Kuyambira pamenepo, akaweruka ankakhala pampando wa pawindo n'kumalemba mpaka kuwala kuthe, akatero n'kutsekera makopewo m'bokosi lachitsulo la kuusilikali, pansi pa bedi. Mayi Singano ankangozitenga ngati nthenda ya ukalamba, yabwinoko kusiyana ndi mowa.

Anakolezera moto ndi mayi wa makala wa pakona. Anabwera ndi siketi yoti ayisinthe zipi, zipi yoti inalibe mlandu, anakhala pabenchi n'kuyamba zozungulira: kuti iye za eni sakonda, kuti mwina anaona molakwika, kuti masiku ano anthu amafanana. Mayi Singano anamuuza kuti anene chimene wabwerera, dzuwa likupita. Ndiye anamasula. Lachitatu lapitalo, kumsika, anaona a Sajeni akukwera masitepe a pamwamba pa sitolo ya mankhwala, atanyamula botolo la zoziziritsa kukhosi ndi mabanzi awiri. Anawatsegulira chitseko ndi mtsikana woyera, wamtali, amene anawalandira ndi manja awiri, mano onse ali panja. Chitseko chinatsekedwa. Iye anadikirira, pongofuna kuthandiza, mpaka miyendo inachita dzanzi.

Mayi Singano anaseka, n'kunena kuti mtsikanayo awatenge ndithu, akamve yekha mkonono wawo. Koma mayi wa makala atachoka, masana amenewo iye anathyola singano ziwiri pansalu yofewa.

M'mawa mwake, a Sajeni atapita kuntchito, anakoka bokosi lija. Kiyi ankadziwa pokhala pake, m'jombo yakale yakumanzere. Asanatsegule anaona kaulusi kakuda katagonekedwa kuchokera pachivindikiro kufika paloko. Nzeru za kunkhondo zimenezo, zoti munthu akagwirapo adziwe. Koma kutchera telala msampha wa ulusi, abale! Kaulusiko kanaduka pochotsa, iye osadandaula. Anakadula kena pamakina pake, kakuda chimodzimodzi, kutalika chimodzimodzi, n'kukaika pambali kuti adzabwezere akamaliza.

Makope analimo asanu ndi awiri. Oyambawo munali zomwe zija, njanji, mabawuti, mchira wa ng'ombe. Lomalizira ndilo linamuimitsa mtima. Pamwamba pa tsamba panali mwezi ndi chaka, ndipo pansi pake zilembo zoima njo zija zinkati:

“Dona anandipatsa tsiku lachiwiri titafika. Anzanga anandiseka, ati wapeza banja, tulo uiwale. Anali wolemera, wovuta, wosafuna fumbi, koma sindinamusiyepo ngakhale ola limodzi.”

Anatsegula masamba angapo kutsogolo. Mwezi wa pamwamba unasintha, n'kukhala womwe uja, umene iye sankautchula ngakhale popemphera.

“Mvula ikagwa chofunda changa chinali cha Dona, ine n'kumanyowa. Powoloka madzi ndinkamubereka kumsana. Akakwiya ankangoti zii tsiku lonse, ine n'kumamusisita, kumunyengerera, mpaka alankhule. Msasa wonse unkafuna kumva mawu ake, koma womugwira ndinali ndekha.”

Kopelo linathera pamenepo. Lotsatira munalibe, limenelo ndi limene bambowo ankayenda nalo m'chikwama.

Mayi Singano anakhala pasimenti, miyendo atatambasula. Za kamtsikana ka kumsika akanatha kuzimeza. Amuna akamakalamba amapenga, kenaka amachira. Koma kuti mwezi umene iye ankathamanga ndi mwana kuchipatala, atabwereka bulangete kwa neba, mwamuna wake anali kufunditsa mkazi wina chofunda chake, kumubereka kumsana ngati khanda, zimenezo zinamupweteka mpaka m'mano. Ndiye kuti uthenga ukanafika bwanji kwa munthu wotanganidwa chotero? Kenaka mutu wa utelala unayamba kuyeza. Chichitikireni zimenezo panali patatha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Mtsikana woyera, wamtali, wolandira nkhalamba ndi manja awiri. Chibwenzi sichilandira munthu ndi manja awiri. Wotero ndi mwana.

Lolemba anapita kumsika ati kokagula mabatani, mabatani oti anali nawo chitini chodzaza. Anaima pakhomo la sitolo ya mankhwala n'kumawerenga zolemba za pamabotolo mpaka wogulitsa anamufunsa kawiri ngati akumva kuwawa penapake. Mtsikana uja anatsika kudzataya madzi a m'beseni. Mayi Singano sanayang'ane nkhope, sanayang'ane miyendo. Maso ake anapita kumakutu. Anali aakulu, otambasuka ngati zogwirira za poto. Makutu otero iye ankawadziwa, ankagona nawo pilo imodzi. Ngakhale kayendedwe, atakayang'anitsitsa, kanali kokokera kumanzere. Anabwerera kunyumba wapansi osaona n'komwe kumene akuponda.

Madzulo a tsiku limenelo, akumwa tiyi, anaponya kamwala. Ananena mosalabadira, maso ali pabuledi, kuti dona uja wa diresi yofiira sanabwerebe kudzatenga chovala chake. Kapu ya a Sajeni inaima panjira, tiyi n'kutayikira pathalauza. Iwo anati watentha kwambiri lero. Tiyi woti anali atazizira kale! Atamaliza analowa kuchipinda, ndipo Mayi Singano anamva bokosi likukwekwereka pasimenti. Anatuluka mwakachetechete, anaika kanthu pamakina osokera, n'kukakhala pampando wawo wa pawindo. Kanali kaulusi kaja. Kumapeto kwake kunali kamfundo, kaja kamene telala amamanga asanaganize n'komwe. Zala zake zinali zitamupereka.

Palibe anafunsa mnzake kanthu. Iwo ankadziwa kuti wawerenga, iye ankadziwa kuti adziwa, ndipo m'nyumbamo munkangomveka zikomo ndi pepani ngati anthu okumana m'basi. Akamadya, aliyense ankaba mnzake ndi diso. Chikwama chija a Sajeni anayamba kulowa nacho ndi kubafa komwe.

Lachitatu litakwana anawasiya asite malaya awo, anawasiya adzole mafuta awo. Atangopota pakona anavundikira makina, anavala diresi yake ya kutchalitchi, n'kuwatsata chapatali. Bambo woti ankadzitama kuti amamva mdani ali kuseri kwa phiri sanacheuke ngakhale kamodzi. Anagula mabanzi, anagula botolo lija, anakwera masitepe. Iye anawerenga mpaka zana kuti akhazikike kaye, kenaka anakwera nayenso.

Pachitseko panalembedwa kuti pano timatayipa ndi kujambula mapepala. Chifukwa cha kutentha anali atachisiya chotsegula pang'ono, ndipo iye anasuzumira. Munali makina ojambulira mapepala, milu ya maenivelopu, ndi fani yozungulira mwaulesi. Mtsikana uja anali pakompyuta. A Sajeni sanali pambali pake monga iye ankayembekezera. Anali pakona, mpando atautembenuzira kukhoma, mtsikanayo atamupatsa nkhongo. Kope linali pabondo koma sankaliyang'ana. Chibakera anali atachiika pafupi ndi pakamwa ngati agwira kanthu. Ankanena mawu ochepa n'kusiya. Mtsikana ankatayipa, n'kuyankha kuti, “Ndamva.” Iwo n'kupitiriza. Mawu akewo Mayi Singano anali asanawamvepo: otsika, osalala, opanda kuseka ngakhale pang'ono.

Zinamusokoneza, koma munthu woti wakwera masitepe ndi mkwiyo satsika nawo. Anakankha chitseko, a Sajeni osawayang'ana n'komwe, n'kukaima pamaso pa mtsikanayo.

“Mayi ako ali kuti, mwanawe?”

Mtsikanayo anadzidzimuka, anaimirira, n'kuyankha mwaulemu kuti ali kunyumba, amaphunzitsa sukulu ya mkaka, ali bwino ndithu.

“Usandizungulitse. Dona ndi mayi ako kapena ayi?”

Mtsikana anatseka pakamwa ndi dzanja, koma kuseka kunatulukira m'mphuno. A Sajeni anali ataima njo, manja m'mbali, ngati walowa ndi mkulu wa asilikali. Mwana wa eniyo anapepesa, anafufuza muenivelopu ina, n'kutulutsa chithunzi chakale chofiirira. Panali msilikali woonda, wa makutu aakulu, ataberekera kumsana chibokosi chachitsulo chokhala ndi chiwaya chachitali choloza kumwamba.

“Dona ndi ameneyu, amayi.”

Inali wailesi ya mauthenga. A Sajeni anafotokoza, mawu akuwathawa, kuti asilikali anaitcha Dona chifukwa siyenda pansi, sinyowa ndi mvula, mabatire ake amafika chakudya cha anthu chisanafike, ndipo ikayamba kulankhula aliyense amakhala chete. Anati pali bambo wina wosindikiza mabuku amene anawerenga za mbuzi zija n'kuwauza kuti alembe moyo wawo wonse, koma akufuna zotayipa, n'chifukwa chake amabwera kuno. Ankafuna adzamuonetse litatha. Za kuyang'ana kukhomazo anati sachitira mwano. Zinthu zoona anaphunzira kuzinena pawailesi, kwa munthu wosamuona, woyankha liwu limodzi. Akangoona nkhope ya munthu amayamba kuwonjezera mbuzi.

Mayi Singano anayang'ana chithunzi, anayang'ana makutu a mtsikana, amene tsopano ankaoneka makutu wamba ngati a aliyense, ndipo manyazi anamugwira kuyambira kuphazi. Kenaka anaseka. Anaseka mpaka anakhala pampando wa makasitomala, akupukuta misozi ndi mpango. Sabata yathunthu osagona chifukwa cha chitsulo! Mtima unabwerera m'malo, njala imene anali ataiiwala inabweranso, ndipo anatenga banzi imodzi osapempha. Mwamuna wake anali yemwe uja, wopusa pang'ono, wokonda zinsinsi zopanda pake, koma wake. Anauza mtsikanayo kuti poti wafika kale, amuwerengereko pamene afika, amve za mkazi mnzakeyo.

Mtsikana, pokondwa kuti mlandu watha, anakhala pansi n'kuyang'ana pakompyuta. A Sajeni anatambasula dzanja kuti amuletse, koma anachedwa.

“Tafika pamene Dona analandira uthenga wa mwana uja, amayi. Woyambawo.”

Ananena mwachifundo, ngati nkhani yoti onse m'chipindamo akuidziwa. Ataona nkhope ya mayiyo ndi pamene anazindikira kuti sankaidziwa. Fani inkangozungulira. Mayi Singano anasiya banzi ija n'kutembenukira kwa mwamuna wake.

“Uthenga wanji, bambo?”

A Sajeni anamuyang'ana. Anakhala pampando paja pang'onopang'ono, n'kutembenukira kukhoma.

“Unafika Lachisanu m'mawa. Ndinaulandira ndine. Lamulo ndi loti wolandira abwereze uthenga liwu ndi liwu, ndiye ndinabwereza: mwana wadwala kwambiri, bwerani. Ndinaulemba. Mawa lake lole inkapita kubwalo la ndege ndi ovulala, ndipo kaputeni akanandilola. Sindinamupatse. Ndinauika m'thumba.”

Anapitiriza ndi mawu osalala omwe aja. Anati anadziuza kuti ana amadwala n'kuchira. Anadziuza kuti mnzawo wa wailesi anali gone ndi malungo, ndipo akachoka anthu makumi atatu atsala kuthengo opanda pakamwa. Zonsezo zinali zoona, koma sichinali chifukwa chake. Chifukwa chake chinali mantha. Mitsinje sankaiopa, zipolopolo anali atazizolowera, koma kukaima pambali pa bedi la chipatala, wopanda chochita, mkazi wawo akuwayang'ana, zimenezo zinawafoola nkhongono. Uthenga wachiwiri unafika Lachiwiri. Umenewonso anaubwereza liwu ndi liwu. Wotsatira wake unali wofunsa masaizi a jombo, ndipo anaulandira, n'kuyankha bwinobwino.

Mtsikana sanatayipe.

Mayi Singano anangokhala, chithunzi chija chili m'manja. Bola akanakhala mkazi. Mkazi akanamutukwana, akanamutemberera, akanauza mayi wa makala kuti amuna onse ndi amodzi, moyo n'kumapitirira. Koma apa panalibe wina woti amuloze chala. Panali nkhongo ya imvi iyi basi, ya munthu amene anagwada pakhomo n'kulumbira, n'kumusiya akutukwana alembi a ku ofesi zaka zonsezi. Anafuna kuwamenya ndi chikwama, mphamvu panalibe. Anafuna kulira, koma misozi inali itathera kuseka kuja. Chimene chinabwera ndi funso, ndipo anafunsa mtsikanayo kuti za Dona zakwana masamba angati.

Mtsikana anayang'ana pakompyuta, n'kunena chapansipansi kuti makumi anayi ndi atatu.

“Nanga za mwana?”

Anafufuza nthawi yaitali, kukwera, kutsika, ngati akuyembekeza kuti apeza zina.

“Mizere isanu, amayi.”

Mayi Singano anaika chithunzi patebulo chadodolido. Anasasa nyenyeswa za banzi pa diresi, anakoka mpando wake mpaka unagundana ndi wa mtsikanayo, chikwama n'kuchiika pamiyendo. A Sajeni atamva mpando ukukwekwereka anayamba kucheuka.

“Khalani choncho. Mwalankhula zaka makumi atatu.” Kenaka anagwira mtsikanayo pamkono. “Tsegula tsamba latsopano, mwanawe. Limeneli ndinena ndine, iwowa kunalibe.”

Mtsikana anaika zala pamakiyi. Mayi Singano anayang'ana pawindo, kumene kunkaoneka madenga a msika, ndipo anayamba pang'onopang'ono kuti wotayipa asatsalire.

“Lemba kuti anali atayamba kuyenda. Lemba kuti anali ndi mano asanu ndi limodzi. Lemba kuti akamva jombo zikudutsa panja, za msilikali aliyense, ankasiya bere n'kuthamangira kuchitseko.”

Mtsikana anatayipa zonse, koma liwu loyankhira lija linamukanika. Anayankha ndi a Sajeni, nkhope ili kukhoma.

“Ndamva.”

“Sindinamalize,” anatero Mayi Singano.